Funsani Dzuwa Musanakumbe Maziko

Mwezi uno tikambirane za kamangidwe ka nyumba. Aliyense wotsata msewu wa Leopards Hill kuchokera mu mzinda wa Lusaka kubwera kuno ku Palabana, m'boma la Chongwe, akuona yekha momwe dziko likusinthira. Malo amene kale anali mafamu ndi busa la ng'ombe tsopano akudulidwa mapuloti, ndipo mabanja akumangapo nyumba ndi ndalama zimene akhala akusunga zaka zambiri, ena ndi penshoni yawo yonse. Zimenezi n'zoyamikika, pakuti banja lokhala pakepake limagona tulo tabwino. Koma pali chinthu chimodzi chimene chikutidetsa nkhawa. Pafupifupi nyumba zonsezi zikuyang'ana kumsewu. Msewu ukakhotera kumadzulo, nazo nyumba zikhotera komweko, khomo, mazenera aakulu ndi zipinda zogona zonse pamodzi. Mwini nyumba amafunsa mtengo wa simenti, wa mabuloko ndi wa malata, koma safunsa kumene dzuwa lidzadzera pa nyumba yakeyo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Khola la nkhuku litiphunzitse

Palabana amadziwika ndi sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo ambiri a ife kuno timaweta ziweto, makamaka nkhuku. Mlimi aliyense amene anamvapo malangizo a alangizi a ziweto akudziwa lamulo lomangira khola la nkhuku m'maiko otentha: utali wa khola uyende kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Mbali ziwiri zazifupi, zoyang'ana kotulukira ndi kolowera dzuwa, zimatsekedwa ndi khoma. Mbali ziwiri zazitali, zoyang'ana kumpoto ndi kummwera, ndizo zimaikidwa waya kuti mphepo idzidutsa. Mlimi amamvera lamuloli chifukwa akudziwa kuti dzuwa la madzulo likalowa m'khola mu Okutobala, nkhuku zimayasama kukamwa, zimaleka kudya, ndipo zina zimafa.

Tsono taonani chodabwitsa. Munthu yemweyo amene wasamala chotere pomangira nkhuku zake, pomanga nyumba yogonamo ana ake ndi amayi ake okalamba, aika zenera lalikulu la galasi moyang'anizana ndi dzuwa la madzulo, chifukwa choti ndiko kuli msewu. Lamulo la khola la nkhuku ndi lomwelo la nyumba ya anthu. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa njira imene dzuwa limayenda pamwamba pathu.

Njira ya dzuwa kuno kwathu

Tonse tinaphunzira kuti dzuwa limatuluka kummawa ndi kulowa kumadzulo. Izi n'zoona, koma si zonse. Palabana, monga Lusaka, ali pa madigiri 15 ndi pang'ono kummwera kwa mzere wa Ikweta umene umagawa dziko lapansi pakati. Chifukwa cha ichi, kwa miyezi pafupifupi 9 pa chaka, kuyambira mu Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa la masana limadzera kumpoto kwathu, ndipo mithunzi yonse ya masana imagwera kummwera.

Kalendala ya Mpingo ingatithandize kukumbukira. Pa nthawi ya chikondwerero cha kubadwa kwa Yohane Mbatizi Woyera, pa 24 Juni, dzuwa limakhala litafika kumpoto kwenikweni. Limatuluka chakumpoto kwa kummawa, limalowa chakumpoto kwa kumadzulo, ndipo pakati pa usana limangokwera madigiri 51, osafika paliwombo. Usana umakhala wa maola 11 ndi pang'ono. Masiku amenewo khoma lotalika mamita 3 limaponya mthunzi wa pafupifupi mamita 2 ndi theka kummwera kwake, ngakhale masana enieni.

Kuchokera apo dzuwa limayamba kubwerera. Masiku ochepa chitapita chikondwerero cha Oyera Onse, cha pa 1 Novembala, limaima paliwombo penipeni, kotero kuti mtengo woongoka umasowa mthunzi masana. Pofika Khirisimasi limakhala litapitirira pang'ono kummwera, madigiri 8 okha kuchoka paliwombo, ndipo usana umatalika kufika maola 13. Khoma lomwe lija la mamita 3 limaponya mthunzi wosakwana theka la mita, tsopano chakumpoto. Sabata yoyamba ya Febuluwale dzuwa limadutsanso paliwombo, ulendo wa kumpoto n'kuyambiranso.

Mfundo yake ndi iyi. Nthawi yozizira dzuwa limakhala lotsika ndipo lili kumpoto. Nthawi yotentha limakhala pamwamba pa denga. Choncho khoma la kumpoto ndilo bwenzi la banja: limalandira dzuwa pamene tikulifuna, ndipo limapuma pamene sitikulifuna.

Chenjerani ndi mapulani ochokera kutali

Masiku ano ambiri akutenga mapulani a nyumba pa intaneti kapena m'magazini a ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko zinthu n'zotembenuka. Mzinda wa London uli pa madigiri 51 kumpoto kwa Ikweta, ndipo dzuwa lawo la masana limakhala kummwera chaka chonse. Ndiye chifukwa chake Angelezi amanyadira nyumba imene bwalo lake likuyang'ana kummwera. Ku Johannesburg ndi ku Harare, kumene ali mbali imodzi ndi ife, ogulitsa nyumba amatamanda yoyang'ana kumpoto. Munthu wotengera malangizo a ku London osawatembenuza adzamanga nyumba yofulatira dzuwa la Juni. Komanso mazenera aakulu a galasi amene amakometsa nyumba za m'maiko a chisanu anapangidwira anthu osowa dzuwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Khoma la kumadzulo

Mdani wamkulu wa tulo m'nyumba zathu ndi khoma la kumadzulo. Mu Okutobala, mwezi umene Asoli a kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amakonzekera mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, kutentha kwa masana kuno kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, ndipo kumwamba kumakhala kopanda mtambo. Nthawi yotentha koposa pa tsiku ndi kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko madzulo, ndipo ndi nthawi yomweyo imene dzuwa limatsikira kumadzulo n'kuyamba kumenya khoma cham'mbali.

Tiyerekeze kuti denga lanu latulukira kunja kwa khoma masentimita 60. Kumbali ya kumpoto, masana a Okutobala, kadenga kameneka kamaphimba khoma lonse mpaka pansi, chifukwa dzuwa lili pamwamba. Masana a Juni kamaphimba masentimita pafupifupi 75 okha kuchokera pamwamba, ndipo dzuwa limalowa pa zenera kudzafunditsa chipinda. Koma kumbali ya kumadzulo, pa 4 koloko mu Okutobala, dzuwa limakhala litatsika pansi pa madigiri 30, ndipo kadenga komweko kamangophimba masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono. Khoma lonse lotsala, pamodzi ndi zenera, lili pamoto.

Njerwa ndi mabuloko zimamwa kutentha pang'onopang'ono monga mafuwa, ndipo zimakutulutsanso pang'onopang'ono. Dzuwa likalowa, kunja kukayamba kuzizira, ndi pamene khoma lija limayamba kulavulira m'chipinda kutentha kumene linamwa masana. Gwirani khoma la kumadzulo cham'kati pa 8 koloko usiku mudzamve. Mwana wogona pamenepo amagudubuzika usiku wonse, nadzuka wotopa popita kusukulu. Khanda, nkhalamba ndi wodwala ndiwo amavutika koposa, pakuti matupi awo salimbana bwino ndi kutentha. Ndipo banja likalephera kupirira, limakankhira kumbali neti yoteteza udzudzu kapena kukagona pakhonde, malungo n'kupeza polowera.

Ena amati adzagula fani. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zina. Chilala chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale chaka chimenecho chinachepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo pofika miyezi yotentha magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mafani anangoti zii. Amene anagona tulo ndi aja a nyumba zodziziziritsa zokha ndi mthunzi ndi mphepo.

Kuzizira kwa Juni ndi ngozi ya mbaula

Tisaiwale kuti kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika kufika madigiri 10, nthawi zina kucheperapo, ndipo mphepo youma yochokera kummawa ndi kummwera chakummawa imalowa mpaka m'mafupa. Chipinda chimene mazenera ake onse ali kummwera sichiona dzuwa ngakhale pang'ono miyezi imeneyi. Pansi pa simenti pamakhala ngati pamwala wa kumtsinje.

Apa ndi pamene banja limalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka m'malo otsekedwa amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, kenaka chizungulire ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Tikupempha ndi mtima wonse: mbaula isagone m'chipinda, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Nyumba imene pabalaza ndi zipinda zogona zili ndi mazenera kumpoto imasunga kutentha kwa masana m'makoma ndi pansi, ndipo chiyeso cholowetsa mbaula chimachepa.

Kuseri kwa nyumba

Kumaso kwa nyumba n'kwa alendo, koma moyo wa banja uli kuseri. Kumeneko ndiko Mayi amachapira ndi kuyanika zovala, ndiko timayanika mphale ndi mfutso, ndiko kuli dimba la ndiwo, ndiko agogo amaothera dzuwa m'mawa. Choncho puloti imene msewu wake uli kummwera ndi mwayi, pakuti kuseri kwake kuli kumpoto ndipo kumalandira dzuwa tsiku lonse nthawi yozizira, nthawi yomwe repu, chainizi, anyezi ndi tomato zimachita bwino. Ndiwo zambiri zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku.

Ngati msewu uli kumpoto, kuseri kudzakhala kummwera, mu mthunzi wa nyumba. Nyumba imene msonga ya denga lake ili mamita 5 imaponya mthunzi wa mamita 4 masana a Juni, kuyezera pansi pa msongayo, ndipo m'mawa ndi madzulo mthunziwo umatalika koposa. Musataye mtima, koma dimba ndi chingwe choyanikapo zovala zikhale kutali ndi khoma, chakumalire a kummwera, ndipo pafupi ndi nyumba pakhale malo a mtsuko wa madzi akumwa ndi pokhalira masana otentha. Kumbukiraninso mpanda. Mpanda wa mabuloko wa mamita 2 ndi theka umene uli kumalire a kumpoto umaphimba mamita 2 a nthaka yanu mu Juni. Mabedi a ndiwo oikidwa m'munsi mwake adzakupatsani masamba oonda ndi otuwa.

Pamenepa palinso nkhani ya chikondi cha pa mnzathu. Mthunzi wa nyumba yanu umagwera kwa mnansi wa kummwera. Musanakweze nyumba yosanja kapena kubzala mitengo yaitali pamalire penipeni, pitani mukakambirane naye, pakuti mungamulande dzuwa la dimba limene likudyetsa ana ake.

Chimbudzi chokumba nachonso chili ndi malo ake. Popeza mphepo ya chilimwe kuno imachokera kwambiri kummawa, chimbudzi, khola ndi dzala zikhale chakumadzulo kwa nyumba, kutali ndi chitsime, kuti fungo lizipita kwina. Chimbudzi cha paipi yotulutsa mpweya, chimene Dr Peter Morgan anachikonza ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, chimagwira bwino ntchito ngati khomo lake likulandira mphepo ndipo paipi yakuda ili mbali yoomba dzuwa, imene kuno ndi kumpoto. Paipi ikatentha, mpweya woipa umakwera n'kutuluka. Ndipo amene mukuika sola pa denga, mbale zake ziyang'ane kumpoto, zitapendekeka madigiri 15 kapena 20, pamalo opanda mthunzi wa mtengo kapena wa thanki ya madzi.

Kupeza kumpoto ndi ndodo ndi chingwe

Mafoni ambiri ali ndi kampasi, koma pali njira imene siifuna batire. Pitani pa puloti yanu tsiku lopanda mitambo. Salazani malo, zikani ndodo yoongoka yotalika mita imodzi. Cha m'ma 9 koloko m'mawa khomani chikhomo pamene pathera mthunzi wa ndodoyo. Mangani chingwe patsinde pa ndodo, muyeze mpaka pa chikhomo, ndipo mulembe mzere wozungulira pansi. Mthunzi udzafupika polowera masana, kenaka udzayambanso kutalika. Madzulo, nsonga yake ikangokhudza mzere wozungulira uja, khomani chikhomo chachiwiri. Chingwe chokokedwa pakati pa zikhomo ziwirizi chikuyenda kuchokera kumadzulo, pa chikhomo cha m'mawa, kupita kummawa, pa chikhomo cha madzulo. Khoma lalitali la nyumba yanu litsate chingwe chimenecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limodzi lodikira mthunzi lidzakupindulirani zaka zonse zimene mudzakhale m'nyumbamo.

Amisiri akale a matchalitchi, potsata mwambo woika guwa kummawa, ankamanga nyumba zopemphereramo zotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Cholinga chawo chinali cha pemphero, koma kaimidwe kameneko ndi komwe kakuyenera nyumba ya banja kuno kwathu.

Kagawidwe ka zipinda

Mutapeza mbali zinayi, khalani pansi, Bambo ndi Mayi pamodzi, pulani ili patsogolo, mmisiri asanakoke chingwe. Mayi asasiyidwe pa zokambiranazi, pakuti m'mabanja ambiri ndiwo amadziwa bwino ntchito za kukhitchini ndi za kuseri. Pabalaza, chipinda cha ana ndi cha agogo zikhale kumpoto. Khitchini imachita bwino kummawa kapena kummwera, chifukwa moto wophikira ndi dzuwa la madzulo zikakumana, wophika ndiye amapsa. Kumadzulo ikaniko zipinda zimene simukhalitsamo anthu: bafa, sitolo yosungiramo katundu, kapena galaja. Zimenezi zidzakhala chishango cha nyumba yonse. Ngati zenera kumadzulo n'lofunika, likhale laling'ono.

Denga litulukire kunja mbali zonse, osachepera masentimita 60, pakuti mu Disembala dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limafikanso pa khoma la kummwera, ndipo mvula nayo imamenya makoma. Mafasho a masiku ano obisa malata kuseri kwa khoma amasiya khomalo lili lamaliseche pa dzuwa ndi pa mvula. Mazenera akhale moyang'anizana, kumpoto ndi kummwera, kuti mphepo ilowe uku itulukire uko, ndipo pamwamba pa makoma pakhale timabowo totulutsira mpweya wotentha. Pa mazenera ndi timabowo pomwe ikanipo sefa yotchinga udzudzu.

Nanga msewu? Chipata ndicho chiyenera kuyang'ana kumsewu. Kanjira ka maluwa kangathe kumtenga mlendo kuchokera pachipata n'kumfikitsa pakhomo limene lili mbali ina. Ngati puloti ndi yopapatiza kotero kuti nyumba singatembenuzidwe, kumaso koyang'ana kumadzulo kupatsidwe khonde lalikulu, la mamita 2 kapena kuposerapo, lotchingidwa ndi mbewu zoyanga.

Kwa amene anamanga kale

Ambiri mwa inu mukuwerenga muli m'nyumba yomangidwa kale kapena ya lendi. Pali zambiri zimene mungachite. Choyamba n'chaulere: sunthani bedi la ana lichoke ku khoma la kumadzulo, kapena sinthanani zipinda kuti wofooka agone kozizira. Chachiwiri, tchingani dzuwa lisanafike pa galasi. Mphasa kapena chitchingo cha bango chopachikidwa kunja kwa zenera chimaposa katani ya m'kati, chifukwa kutentha kukadutsa galasi kwalowa kale. Chachitatu, bzalani. Nthochi ndi mapapaya zimapereka mthunzi m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Mango ndi mapeyala zimatenga nthawi, ndipo zikhale mamita 5 kapena kuposerapo kuchoka pa maziko chifukwa cha mizu. Mitengo yosayoyola masamba ikhale kumadzulo. Kumpoto kusiyidwe kotseguka kuti dzuwa la Juni lifike.

Chachinayi ndi denga. Malata opanda siling'i amatentha ngati chiwaya masana ndipo amazizira msanga usiku. Siling'i, ngakhale ya mphasa, imasintha zinthu, makamaka pakakhala mpata woti mphepo idutse pakati pa iyo ndi malata. Mmisiri wa mapulani wa ku Burkina Faso, Francis Kéré, anamanga sukulu m'mudzi wa kwawo wa Gando mu 2001, nakweza malata pamwamba pa siling'i ya njerwa zadothi kuti mpweya wotentha uzituluka. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu koposa pa ntchito yake. Utoto wa malata nawo uli ndi mawu. Akuda ndi abulawuni, amene ambiri akuwakonda tsopano, amamwa kutentha kwambiri kuposa oyera.

Makolo athu sankadziwa za madigiri, koma nyumba yawo ya udzu inali ndi denga lotsika lozungulira khoma lonse, khonde la mthunzi, makoma a dothi ndi khomo lofulatira mphepo yozizira. Ife talandira simenti, galasi ndi malata, ndipo n'zabwino. Tingowonjezerapo nzeru yoyang'ana kumwamba tisanayang'ane kumsewu. Utoto mungasinthe chaka chamawa, zitseko mungagule zina, koma maziko akathiridwa konkire nyumba siitembenukanso. M'mera mpoyamba. Ngati mu mphakati wanu muli banja limene likukonzekera kumanga, libwerekeni tsamba ili, ndipo mupite nalo pa puloti mutatenga ndodo, chingwe ndi zikhomo ziwiri.